Dzanja Lodziwa Polekezera

Mukamayenda pa msewu wa m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Chintheche kulowera ku Nkhata Bay, pali malo pamene dzuwa limazimirira mwadzidzidzi ngati mwalowa m'nyumba. Uku ndi uku kuli mitengo italiitali yoima pamizere, uliwonse uli ndi chipsera chopendekeka pathunthu, ndi kakapu kokoleka m'munsi mwa chipseracho. Apa ndi pa Vizara, esiteti ya mphira. Anyamata amaima m'mbali mwa msewu atafumbata mipira yopota ndi tizingwe ta mphira, n'kumainjanjitsa pa phula kuti a m'galimoto aone mmene imadumphira. Tsiku lina ndinatsika, ndinagula mpira umodzi, kenaka ndinasendera pa mtengo woyandikira msewu. Maso anga anakodwa pa mzere umene mpeni unadutsa m'mawa wa tsikulo. Unali wosalala, wakuya mofanana kuyambira kumwamba mpaka kumunsi, ndipo m'kangalande kakeko munali mutauma kachingwe koyera ka utomoni. Ndinakakoka, kanatamuka osaduka. Munthu amene anacheka pamenepo anali atapita kalekale, koma dzanja lake linali likuonekabe.

Mtengo umenewu ndi wobwera. Kwawo ndi ku South America, m'nkhalango ya Amazon, ndipo kumeneko sumera pamzere. Umamera umodzi pano, wina kutsidya kwa khwawa, wina pamtunda, wobisika pakati pa mitengo ya mitundu mazanamazana. Kuli anthu amene moyo wawo wonse ndi kukama mtengo umenewu uli kwawo komweko, osaubzala, osaudula. M'Chipwitikizi cha ku Brazil mtengowo ndi seringueira, munthu woucheka ndi seringueiro, ndipo utomoni wake woyera amangoutchula kuti leite, kutanthauza mkaka. Kuchimake kwa anthu amenewa ndi ku chigawo cha Acre.

Acre ili kumapeto kwenikweni kwa Brazil, kumadzulo, kumalire ndi Peru ndi Bolivia. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 164,000, kuposa Malawi yense ndi nyanja yake yomwe, koma kalembera wa 2022 anapezako anthu pafupifupi 830,000 okha, pamene ife tinali kale 17.5 miliyoni mu 2018. Mwa anthu ochepawo, oposa 360,000 ali mu mzinda umodzi wa Rio Branco. Kotsalako ndi mitengo: magawo oposa anayi mwa asanu a chigawochi akadali nkhalango. Mvula imagwa mamilimita pafupifupi 2,000 pachaka, kuposa kawiri ya ku Lilongwe. Mitsinje yake, Juruá, Tarauacá, Purus ndi Acre, imayenda mokhotakhota, yonse kulowera kumpoto chakum'mawa, iliyonse m'chigwa chakechake, moti kale munthu wofuna kuchoka ku Rio Branco kupita ku Cruzeiro do Sul pa boti ankayenera kutsika mtsinje wina mpaka kutali kwambiri, n'kudzakweranso unzake.

Kutalikirana kwa mitengo ya mphira kuli ndi chifukwa chake. Ku Amazon kuli chiwawu chimene chimagwira mtengo umenewu masamba akangophuka. Mitengo ikathithikana, matendawa amadumpha kuchoka pa uwu kupita pa uwo mpaka munda wonse kuyoyoka. Kampani ya Henry Ford inalawa zimenezi. Mu 1928 inatsegula munda waukulu pa mtsinje wa Tapajós n'kuutcha Fordlândia, inabzala pamizere, ndipo chiwawu ndi mbozi zinasakaza. Mu 1945 inagulitsa malowo ku boma la Brazil itatayapo ndalama zankhaninkhani. M'nkhalango yachilengedwe mtengo umapulumuka chifukwa unzake uli patali, ndipo pakati pawo pali mitengo ina yotchinga. Pa hekitala imodzi mungapeze mtengo wokamika umodzi kapena iwiri, pamene pa esiteti amabzala 400 kapena kuposerapo. Ndiye wofuna kudya za mtengo wotero ayenera kuyenda, ndipo munthu woyenda choncho sangakhale pamudzi wa nyumba zogundana. Kakhalidwe konse ka anthu a m'nkhalango ya Acre kanachokera pamenepa.

Ntchito inkayamba ndi katswiri wotchedwa mateiro, munthu wa tchire. Iye ankalowa m'nkhalango yosapondedwa atanyamula chikwanje, n'kumafunafuna mitengo ya mphira. M'nkhalango yotere simuona kutali. Denga la masamba lili mamita 30 kapena 40 kumwamba, ndipo mathunthu onse ndi otuwa, ovala ndere ndi ziyangoyango. Iye ankauzindikira mtengo poona masamba ake okhala atatuatatu, makoko a zipatso zake zimene zimaphulika zikauma n'kumwaza njere, ndi kaonekedwe ka khungwa. Akaupeza ankagogoda kapena kukuwa, ndipo mnzake wotsala pa mtengo wam'mbuyo, toqueiro, ankalambula kanjira kulunjika kumene kwachokera mawuwo. Luso lake lalikulu linali lolumikiza mitengo 100 mpaka 200 m'njira imodzi yozungulira, yoti ikayambira pafupi ndi nyumba ikatherenso pomwepo. Analibe mapu, dzuwa silinkaoneka bwino, koma njirayo inkakumana. Dzina lake ndi estrada. Banja limodzi kawirikawiri limakhala ndi njira zitatu, ndipo malo onsewo, nyumba, kamunda ka chinangwa ndi njira zakezo, amatchedwa colocação. Akhoza kukwana mahekitala 300 kapena kuposa. Kwa ife amene timalimbirana ndime yosakwana hekitala, zimenezi zikumveka ngati chuma cha mwini esiteti, komatu ndi mtunda chabe umene mitengo ya banja limodzi yamwazikapo. Woyandikana naye nyumba ali pa ulendo wa ola limodzi kapena awiri.

Wocheka amadzuka usiku ukadalipo, cha m'ma 3 kapena 4 koloko. Amamwa khofi, n'kuvala poronga. Ameneyu ndi koloboyi wa palafini wokhala ndi mkombero wa chitini wovala kumutu, ndi kachitsulo kuseri kwa lawi koteteza tsitsi ndi kukankhira kuwala kutsogolo, kuti manja onse awiri akhale omasuka. Masiku ano ambiri ali ndi matochi a pamphumi, koma poronga ndiyo inatsala ngati chizindikiro chawo. Kulawira kotereku kuli ndi nzeru yake. Usiku mtengo umakhala utakhuta madzi, ndii, ndipo mkaka umatuluka mwamphamvu. Dzuwa likakwera masamba amayamba kutaya madzi, mphamvu ija imachepa, mkaka umangodontha pang'ono n'kuuma msanga.

Tsono tifike pa mtengo. Aliyense amene anasendapo luzi la mombo akudziwa kuti khungwa lili ndi magawo. Kunja kuli chikhungwa chouma, mkati muli gawo lofewa, ndiye pakati pa khungwa ndi thupi la mtengo pali kachikopa koterera, konyowa, kopyapyala kuposa pepala. Moyo wa mtengo uli pamenepo, ndi pamene pamachokera khungwa latsopano ndi thupi latsopano. Mu mtengo wa mphira timitsempha ta mkaka tili m'gawo lofewa lija, ndipo tambiri tili kufupi kwenikweni ndi kachikopa kaja. Vuto lonse la ntchitoyi lagona apa. Mukacheka pamwambamwamba mkaka ukhala wochepa, ulendo wa tsiku lonse upita pachabe. Mukazamitsa pang'ono chabe n'kukhudza kachikopako, mtengo upola ndi chotupa cholimba, khungwa la pamenepo likhala la mabampu, ndipo mpeni sudzayendaponso bwino. Polekezera pake ndi pafupifupi milimita imodzi kachikopako kasanafike. Milimita imodzi, mu mdima, ndi kuwala kwa koloboyi, pa khungwa limene kukhuthala kwake kumasiyana mtengo ndi mtengo, ndipo azichita zimenezo ka 150 dzuwa lisanafike pamutu.

Maso amangolondolera mzere. Kuya kwake amadziwa ndi zala. Mpeni wake, umene ku Acre amautcha cabrita, ndi kachitsulo kopindika kunsonga ngati mbedza, ka chigwiriro cha mtengo. Amaugwira ndi manja awiri n'kuukoka motsetsereka, ndipo kachingwe kopyapyala ka khungwa kamapotoka n'kugwera pansi. Khungwa lakunja limalira khwee, lofewa limalandira mpeni mwakachetechete, ndipo pafupi ndi thupi la mtengo pamayamba kulimba mwa mtundu wina. Wodziwa amamva kusinthaku asanafikepo. Mzerewo uyeneranso kupendekeka bwino. Ukagona kwambiri mkaka usefukira m'mbali n'kutayikira pathunthu, ukaima kwambiri ndiye kuti wamaliza khungwa lochuluka pachabe. Ngakhale mbali yochekera ili ndi ntchito: timitsempha ta mkaka sitinaime chilili, tinapendekera pang'ono kudzanja lamanja tikamakwera, choncho mzere wotsika kuchokera kumanzere kupita kumanja umadula tambiri. Akangochotsa mpeni, timadontho toyera mbee timatumphuka mu mzere monse ngati thukuta, timalumikizana, n'kuyamba kuyenderera. Iye amatenga kachitini, tigela, n'kukabaya pa khungwa ndi mlomo wake kumapeto kwa mzerewo, ndipo amatembenuka dontho loyamba lisanafike pansi pa kachitiniko. Zonsezi sizitha ndi mphindi imodzi yomwe.

Chimene ndimasilira koposa ndi kudzigwira kwake. Mawa sabwerera pa mtengo womwewo. Amapita njira yachiwiri, mkuja yachitatu, ndipo mtengo uliwonse umapuma masiku awiri. Sacheka kuzungulira thunthu lonse. Amasankha mbali imodzi, imene amaitcha bandeira, mbendera, n'kumatsika nayo mzere ndi mzere, wa lero pafupi ndi wa tsiku lija, mbali inayo ikupola, pakuti khungwa limatenga zaka zingapo kuti libwerere. Mtengo waung'ono amaulumpha. M'miyezi imene mtengo wayoyola masamba n'kuyamba maluwa, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, odziwa amapachika mpeni. Mvula ikakula cha mu Disembala amalekanso, chifukwa madzi amasungunula mkaka m'tizitini ndipo njira zimasefukira. Mtengo wosamalidwa motere amaukama agogo, amaukama bambo, adzaukamanso mdzukulu. Koma taganizani mmene munthuyo alili m'mawa umenewo. Ali ndi ngongole, mchere watha, mwana akudwala, mpeni uli m'manja, ndipo kuzamitsa pang'ono kungadzaze kachitini lero lomwe. Kapitawo womuyang'anira kulibe. Munthu woleka pamene akanatha kupitirira, tsiku ndi tsiku, ali yekhayekha m'nkhalango, ine ndimagoma naye.

Akazungulira njira yonse amafika pamene anayambira, amadya farinha, ufa wokazinga wa chinangwa, ndi ndiwo zotsala dzulo, kenaka amayambanso ulendo womwewo atanyamula ndowa yotolera mkaka. Njira yomweyo kawiri patsiku, kuwoloka makwawa pa mitengo yogwa, mfuti ili paphewa poti mwina ndiwo za madzulo zidutsa kutsogolo kwake. Amaudziwa mtengo uliwonse monga mmene m'busa amadziwira ng'ombe zake: uwu ndi wopatsa, uwu ndi womana, uwu umachedwa kutulutsa koma ukayamba suleka.

Kale ntchito inkapitirira madzulo m'kachisakasa ka utsi. Mkaka ukasiyidwa umagwirana wokha n'kuyamba kununkha, ndiye unkayenera kufukizidwa tsiku lomwelo. Ankakoleza moto m'dzenje, kuikamo tizibenthu ta mitengo yolimba ndi njere za kanjedza wa kumeneko, pamwamba n'kuvundikira chinthu chonga mtsuko woboola kuti utsi uzitulukira malo amodzi, wokhuthala, woyera. Pa utsiwo ankapingasa mtengo wautali. Ndi dzanja limodzi ankatunga mkaka ndi chikho n'kuthira pa mtengowo, ndi linalo n'kumautembenuza. Utsi unkaumitsa mkakawo m'kanthawi kochepa, kukhala kachikopa kopyapyala. Athirenso, atembenuzenso. Chikopa pa chikopa, madzulo ndi madzulo, mpaka papangika chimpira chachikulu chakuda bii, péla, cholemera makilogalamu 50 kapena kuposa. Utsi ukachepa mkati mumatsala madzi, moto ukakula mphira imapsa. Madzi akadzaza m'mitsinje ankamanga zimipirazo pamodzi n'kuziyandamitsa kupita kudoko. Ogula a m'mizinda ya Manaus ndi Belém ankadula péla pakati, ndipo mkatimo munkaoneka mizere yonse ngati ya anyezi. Ntchito ya munthuyo inkawerengeka poyera, ya tsiku lotopa ndi ya tsiku labwino yomwe. Mphira yofukiza bwino ya m'mitsinje imeneyi ndiyo inali muyeso wa mphira yonse pa msika wa dziko lapansi. Ndi mkaka womwewo ankadzipangiranso nsapato ndi matumba osalowa madzi. Koma utsiwo unawononga maso ndi zifuwa za anthu ambiri.

Mbiri ya luso limeneli ili ndi magazi. Eni nkhalango, monga a Omagua, ndiwo anayamba kupanga zinthu ndi mkakawu. Azungu anayamba kuufuna kwambiri Charles Goodyear atapeza mu 1839 njira yophikira mphira ndi sulufule kuti isamanyate kukatentha kapena kuuma gwa kukazizira, ndipo John Dunlop atapanga tayala lopopa mu 1888, njala ya mphira inafika posauzana. Chilala cha 1877 mpaka 1879 chinapha anthu miyandamiyanda ku Ceará, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, ndipo opulumuka ambiri anakwezedwa m'sitima kupita kumitu ya mitsinje. Anali alimi ndi abusa a dziko louma la minga, osadziwa nkhalango ndi pang'ono pomwe. Wofika kumene ankatchedwa brabo, wosaweta. Akatha zaka zingapo malungo osamupha, ankakhala manso, wozolowera. Kuti malo apezeke, eni dziko monga a Huni Kuin ndi a Yawanawá anasakidwa ndi mfuti pa zimene zinkatchedwa correrias. Ena anaphedwa, ena anathawira kutali, ena anagwidwa n'kusandutsidwa ocheka mphira.

Ocheka oyambawo analibe mpeni. Ankatema ndi kankhwangwa, machadinha, ndipo kankhwangwa sikadziwa milimita. Mitengo yambiri inatupa, inaola, inafa. Mpeni unabwera pambuyo, njira zambiri zitawonongeka kale. Kudzigwira kumene ndikuyamikiraku anthu anakuphunzirira pa mitengo yakufa.

Amene anakhalapo tenanti pa esiteti ya fodya amvetsa msanga mmene ndalama zinkayendera. Munthu ankafika ali kale ndi ngongole ya ulendo. Zitini, mfuti, mchere, palafini, zonse ankatenga pangongole ku sitolo ya bwana, barracão. Mphira ankagulitsa kwa bwana yemweyo, pa sikelo ya bwana, ndipo buku la ngongole linkalembedwa ndi kalaliki wa bwana pamaso pa munthu wosadziwa kuwerenga. M'malo ambiri kulima kunali koletsedwa, kuti chakudya azichita kugula. Phindu linkatsika ndi mtsinje, ndipo ku Manaus linamanga nyumba ya zisudzo ya Teatro Amazonas, yotsegulidwa mu 1896, ndi zipangizo zoitanitsa ku Ulaya. Ngakhale malire a dziko anatsata mapazi a ocheka. Pamapepala Acre inali ya Bolivia, koma okhalamo anali a ku Brazil otsata mitengo. Atamenya nkhondo motsogozedwa ndi Plácido de Castro, pangano la Petrópolis la 1903 linapereka Acre kwa Brazil, Bolivia n'kulandira mapaundi 2 miliyoni ndi lonjezo la njanji ya Madeira-Mamoré.

Pamene ankasaina panganolo n'kuti mtsuko utabooka kale. Mu 1876 Mngelezi wina, Henry Wickham, anapita ndi njere 70,000 ku Kew, ku London, ndipo mbande zochepa zimene zinamera zinatumizidwa ku Ceylon ndi ku Singapore, kumene chiwawu chija kulibe. Kumeneko mitengo inaima pamizere, munthu mmodzi n'kumacheka mazana angapo osayenda mtunda. Pofika 1913 Asia inali itaposa Brazil, ndipo msika wa ku Amazon unagwa. Mabwana ambiri anathawa, ocheka anatsala. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Japan italanda minda ya ku Asia, boma la Brazil linatumizanso anthu oposa 50,000 m'nkhalango, ambiri a ku Ceará komwe kuja, n'kuwatcha asilikali a mphira. Ambiri anafera komweko ndi matenda, ndipo nkhondo itatha otsalawo anaiwalika.

M'zaka zoiwalikazo ndi mmene mlendo anasandukira mwini. Anayamba kulima chinangwa ndi nyemba, kusaka, kuwedza, kukwatirana ndi eni dziko, kudziwa zitsamba. Kum'mawa kwa Acre nyengo ya mvula inapeza ntchito yake, yotola castanha, mtedza wa m'nkhalango. Mtengo wake umafika mamita 50, ndipo zipatso zake, zolimba gwa, zolemera mpaka makilogalamu 2, zimagwa zokha. Otola amadikira kuti zambiri zigwe kaye, ndipo kukakhala mphepo sayenda pansi pake, chifukwa chipatso chotero chikakupeza pamutu ndi maliro. Amazisonkhanitsa mulu, n'kumatsegula chimodzichimodzi ndi chikwanje, kudula chigoba osavulaza njere 10 mpaka 25 zimene zili mkati. Mtengowu nawo sufuna kukhala wokha. Maluwa ake amatsegulidwa ndi njuchi zikuluzikulu za m'nkhalango, ndipo njere zake zimabzalidwa ndi cutia, kanyama konga ntchenzi kamene kamaboola chigoba, kukwirira njere zina, n'kuziiwala. Choncho chaka chonse cha banja la wocheka, chilimwe ndi dzinja, chinamangidwa pa mitengo yoima.

M'zaka za m'ma 1970 boma la asilikali la Brazil linkafuna kuti Amazon idzaze ng'ombe. Misewu ya BR-364 ndi BR-317 inatsegula Acre, ndipo eni malo akale anagulitsa nkhalango kwa oweta ochokera kumwera ngati kuti mulibe anthu. Kunabwera macheka a injini ndi moto. Mabanja zikwizikwi anathamangitsidwa, ena kukathera m'makomboni a Rio Branco, ena kuwolokera ku Bolivia. Apa anthu ozolowera kukhala motalikirana anapeza njira yosonkhanira. Akamva kuti kwinakwake macheka alira, uthenga unkayenda m'tinjira ta m'nkhalango, ndipo abambo, amayi ndi ana ankayenda maola ambiri kukaima pakati pa mitengo ndi odula. Ankalankhula ndi aganyuwo, amene ambiri anali amphawi anzawo, kuwapempha kuti azimitse injini. Apolisi akabwera ndi mfuti, amayi ndi ana ankaima kutsogolo n'kuimba nyimbo ya fuko. Zimenezi ankazitcha empate, mawu amene pa mpira amatanthauza kufanana mphamvu, koma ku Acre amatanthauza kutsekereza. Woyamba wodziwika unachitika mu 1976 ku Seringal Carmen, kufupi ndi Brasiléia. Mtsogoleri wa bungwe la ogwira ntchito kumeneko, Wilson Pinheiro, anawomberedwa mu 1980.

Amene anapitiriza ndi Chico Mendes wa ku Xapuri. Anabadwa mu 1944, anayamba kucheka ali ndi zaka 9, ndipo anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka pafupifupi 18. Iye ndi anzake anatsegula masukulu m'nkhalango, buku lophunzirira kuwerenga n'kulitcha Poronga. Mu 1985 ocheka a m'zigawo zosiyanasiyana anakumana ku Brasília, ndipo maganizo amene anatuluka kumeneko ndi a anthu oganiza ndi mapazi awo. Boma linkadziwa njira imodzi yogawira malo: kudula nthaka m'mabokosi a ngodya zinayi, banja lililonse bokosi lake. Koma estrada siyenda m'bokosi. Imakhota kutsata mitengo, imadutsana ndi ya mnzako, ndipo mukaidula ndi mzere wowongoka ndiye kuti mwaipha. Iwo anapempha kuti nkhalango ikhale yathunthu, ya boma, yosagulitsika, mabanja akhale ndi ufulu woigwiritsa ntchito motsata njira zawo. Pa 22 Disembala 1988, patangotha sabata atakwanitsa zaka 44, Chico Mendes anatsegula chitseko chakuseri kwa nyumba yake, thawulo lili paphewa, kupita kosamba, ndipo anawomberedwa pomwepo. Woweta ng'ombe Darly Alves da Silva ndi mwana wake Darci anapezeka olakwa mu 1990. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa malo oyamba otetezedwa a mtundu umene ocheka anapempha, ku Alto Juruá, kenaka ena a mahekitala pafupifupi 970,000 otchedwa dzina la Chico Mendes. Mayi Marina Silva, amene anakulira m'njira za mphira kufupi ndi Rio Branco n'kuphunzira kuwerenga ali ndi zaka 16, anadzakhala nduna ya zachilengedwe ya dziko lonse la Brazil mu 2003, n'kubwereranso pa mpandowo mu 2023.

Chuma cha Acre lero chili pa malipiro a boma, malonda a m'tauni, ng'ombe, matabwa ndi castanha. Mphira ya m'nkhalango ndi kadontho chabe. Ng'ombe zaposa anthu kangapo, ndipo ngakhale mphira imene Brazil imakolola, yambiri ikuchokera m'minda ya ku São Paulo, kumene nyengo imafooketsa chiwawu. Mkati mwa malo otetezedwa a Chico Mendes momwe mwatseguka mabusa. Zimandipweteka, koma sindingamuweruze mnyamata amene waona kuti ng'ombe imodzi imupatsa zimene mpeni sungamupatse pa miyezi yambiri. Ng'ombe imayenda yokha kupita kumsika, ndipo ndi banki ya munthu wakumudzi. Zimenezo ife tikuzidziwa. Pali amene akuyesetsa kuti mpeni uzidyetsa mwini wake. Kuyambira mu 1999 lamulo la chigawochi limaonjezera ndalama pa kilogalamu iliyonse ya mphira ya m'nkhalango. Mu 2008 ku Xapuri kunatsegulidwa fakitale ya makondomu imene inkagwiritsa ntchito mkaka wa mitengo yachilengedwe. Kampani ya nsapato ya ku France, Veja, imagula mphira kwa mabanja a ku Acre. Zisakasa za utsi zinatha pafupifupi zonse, pakuti tsopano mkaka amaugwiranitsa n'kuupsinja kukhala zibuma kapena mapepala. Koma mzere wa pa khungwa ukuchekedwabe ndi dzanja, mtengo ndi mtengo, monga kale.

M'njira zakale za kufupi ndi Xapuri muli mitengo yoti anthu awiri sangaikumbatire. Kumwamba kwa thunthu, kumene munthu sangafike popanda makwerero, kuli zotupa za kankhwangwa, za anthu aja anabwera ndi sitima kuthawa chilala. M'munsi mwake muli mizere yakale yopola, yakuda, mazanamazana, yondondozana ngati minga ya nsomba, ina yopendekeka kwambiri, ina pang'ono, malinga ndi dzanja limene linadutsapo. Mzere wa lero uli pansi pa yonseyo, woyera, ukadali wonyowa. Masana wocheka akafika ndi ndowa yake amazula kachitini, amakhuthula, amakokota ndi chala, kenaka amakavundikira chadodolido pa kamtengo kozika pafupi ndi tsinde kuti mvula isalowemo. Adzakapeza pomwepo pakapita masiku atatu.